Mkamwini Pamutu pa a Makaiko

"Chotsani nkhope yanu pafupi ndi mkazi wanga, akamwini, ndisanafe ndi manyazi pakhonde panga pomwe!"

Amenewo anali amuna anga a Makaiko, kukalipira Chrispen, mwamuna wa mwana wathu Martha. Ife kuno ku Sakubva timabwereketsa mahema ndi mipando ya pa maukwati ndi pa maliro, ndiye mkamwiniyo anali atatikonzera tsamba la pa intaneti pa laputopu yake, n'kundandalika zithunzi zitatu mzere umodzi: a Makaiko, ine pakati, iye kumapeto. Ine ndinali kuseri kwa chitseko ndikusankha nyemba, khutu ndi diso zili pa mng'alu, poti mkamwini ndi apongozi aakazi pakhomo pano sakhalirana pafupi, salankhulana. Limenelo ndi lamulo la a Makaiko, munthu wobadwira pa famu ku Odzi, ku Malawi sanapondeko n'kamodzi komwe.

"Bambo, ndi chithunzi chabe," anatero Chrispen.

"Cha ndani?"

"Changa."

"Chikuyang'ana ndani?"

"Wojambula."

"Wojambula ali kuti apa? Taonani disolo, lapita kwa make Martha!"

"Dzuwa linkandithobwa tsiku limenelo."

"Tsamba ili madzulo ano likupita kwa akuluakulu a sosaite yathu ya maliro. A Fyson, wapampando, akaona mkamwini waphatikana phewa ndi apongozi ake, ine ndikhala ndiwo ya pakamwa mpaka Khirisimasi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukhazika anthu pa maliro, sindinalakwitsepo mpando wa munthu."

"Kwathu ku Ntcheu masiku ano mkamwini amakweza apongozi ake pa njinga yamoto, iwo atamugwira m'chiuno."

"N'chifukwa chake munathawako. Talikiranani!"

Chrispen anagunda chithunzi chake ndi chala, kamzere kabuluu n'kuchizungulira ngati bokosi. Chambali pagalasipo panali kandodo kokoka. Akakakoka, mpata ukukula.

"Mpata wochuluka bwanji, bambo?"

"Woti munthu n'kudutsa."

"Wonenepa kapena woonda?"

"Wosenza mipando."

"Ya pulasitiki kapena yachitsulo ija?"

"Akamwini, kokani!"

Anakoka. Anakokabe, poti sanauzidwe kuti asiye. Chithunzi chake chinasendera, n'kusendera, mpaka chinatulukira kumphepete kwa galasi. Panangotsala khutu limodzi ndi diso limodzi.

"Maiwe! Tsopano mukuchita kuwasuzumira!"

"Mpata wakwana koma?"

"Munthu wosuzumira apongozi ake pakona ngati wakuba nkhuku! Bwererani. Bwererani muyang'ane kwina."

Chrispen anabweza kandodo kaja, n'kugunda pena, chithunzi chinatembenuka.

"Aa! Mwawapatsa nkhongo? Mayi amene anakuberekerani mkazi, muwafulatire pamaso pa dziko lonse?"

"Mwati ndiyang'ane kwina."

"Kwina mwaulemu."

"Muno muli kumanja ndi kumanzere basi, bambo. Kwaulemu mulibe."

"Weramitsani mutu."

Anagwira kona ya bokosi n'kulipendeketsa. Munthu yense anapendekeka, tayi yomwe, ngati oledzera aja otuluka m'bhawa Loweruka.

"Ndati mutu, osati munthu yense!"

"Mutu ndi thupi zinajambulidwa pamodzi."

"Ndiye gwadani."

"Chithunzichi chinathera pachifuwa, bambo. Mawondo mulibe."

Ine kuseri kuja nyemba zinanditayikira ndi phwete. A Makaiko anavula chipewa, n'kukanda dazi, n'kuchivalanso.

"Tiikepo Martha pakati," anatero. "Mwana pakati pa make ndi mwamuna wake, palibe anganene kanthu."

"Martha anati amene aike nkhope yake pa intaneti akagona mu hema mpaka mvula."

"Hema! Eya. Ikani hema pakati. Pa maliro amuna ndi akazi timawalekanitsa ndi chiyani?"

Chrispen anakoka chithunzi cha hema yathu yoyera ija, n'kuchiponya pakati pa ine ndi iye. A Makaiko anayandikitsa mphuno pagalasi.

"Hemayi ili ndi makomo angati?"

"Awiri. Uku ndi uku."

"Make Martha aima khomo ili, inu mwaima khomo ilo, nonse mukumwetulira."

"Eetu."

"Mukuchokera kuti?"

"Sitikuchokera kulikonse, bambo."

"A Fyson adziwa bwanji zimenezo? Chotsani! Chotsani msanga! Ndikhalapo ndine pakatipo. Khoma lake ndine. Inu pitani uku koyambirira, make Martha uko kumapeto."

Chala chinayenda, mabokosi n'kusinthana malo okha ngati ana a sukulu pa mzere. Chrispen kumanzere, a Makaiko pakati, ine kumanja.

"Ehee. Mwaona? Zimafuna munthu wodziwa kukhazika anthu. Tandikulitsani pang'ono."

"Chonchi?"

"Pang'ononso."

"Chipewa chayamba kudulidwa."

"Chipewa chisiyeni chonse, mukulitse ine."

"Chipewacho chili pa inu."

"Basi, basi, zisiyeni. Tsopano ndionetseni mmene ziziwonekera pa foni. A Fyson laputopu alibe, ali ndi kafoni kong'aluka galasi kaja."

Pamwamba pa galasi panali kachithunzi ka foni. Chrispen atakagunda, tsamba lonse linaphwa n'kukhala lowonda, mabokosi n'kukwerana. Pamwamba Chrispen. Pansi pake a Makaiko. Pansi penipeni ine.

A Makaiko anaimirira, mpando n'kugwa chagada.

"Mwandikwera pamutu!"

"Foni ndi yopapatiza, bambo. Atatu sakwana mzere umodzi, ndiye amasanjikizana."

"Ngati mipando?"

"Ngati mipando."

"Ine ndine mpando?"

"Ayi. Kungoti wa kumanzere ndi amene amapita pamwamba."

"Analamula ndani?"

"Chipangizochi."

"Chinaleredwa ndi ndani chipangizo chimenechi? Munthu munabwera pano ndi kachikwama kamodzi mukuti mukupita ku Joni, ine n'kukupatsani mwana, lero mwaponda chipewa changa! Ndiikeni pamwamba."

Anawakoka n'kuwaika pamwamba. Pansi pawo Chrispen, pansi pa Chrispen ine.

"Mwaphatikananso ndi apongozi anu!"

Chrispen anatisinthanitsa. Ine pakati, iye pansi.

"Nanga apa?"

"Ndi zomwe zija! Mwangosintha wokwera mnzake!"

"Mukachoka pakati, bambo, pakati pamatsala popanda munthu."

"Ndiye ndikhale pamwamba, ndikhalenso pakati."

"Ndikuikeni kawiri?"

"Ikani."

Anaika. A Makaiko pamwamba, ine, a Makaiko enanso, Chrispen. Zipewa ziwiri, ndevu ziwiri, nkhope yokwiya yomweyo. Amuna anga anayang'ana, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Munthu wooneka malo awiri nthawi imodzi kwanu mumamutchula chiyani?"

"Mfiti."

"Ndipo ine ntchito yanga ndi ya pa maliro."

"Eetu."

"Chotsani mmodzi."

"Uti?"

"Wabodzayo!"

"Onse ndi inu, bambo."

"Akamwini, kodi mumachita dala?"

"Ndikuchita zimene mukunena."

Kunja lole inayamba kuliza hutala, yodzatenga hema yopita ku ukwati ku Greenside. Magetsi anali atapita chim'mawa, laputopu nayo inayamba kulira kuti moto ukutha. A Makaiko anadzutsa mpando uja, n'kuloza Chrispen ndi zala ziwiri.

"Mawu anga ndi awa, muwamve bwino. Ine pakati sindichoka. Inu pamutu panga simukwera. Konzani, mutumize kwa a sosaite moto usanathe."

"Koma bambo, ndiye kuti..."

"Koma wa chiyani? Mkamwini amakhala ndi koma?"

"Ndimati pamwambapo..."

"Mwamva kapena simunamve?"

"Ndamva."

"Chitani zimene mwamvazo."

Anakwera lole, n'kupita. Chrispen anayang'ana galasi, n'kuyang'ana chitseko chimene ine ndinabisalako, n'kupumira m'mwamba. Ndinangomva chala chikugunda kawiri.

Dzuwa likupendeka a Makaiko anabwera ali fumbi lokhalokha, asanakhale n'komwe foni yawo inalira. Iwo makutu anayamba kuvuta, ndiye foni amaiika pokuwa, Sakubva yonse imamva nawo. Anali a Fyson.

"A Makaiko, tsamba lija taliona, lokongola zedi. Tikufuna hema Loweruka. Kodi abwana anu aja ali pamwamba alipo, tikambe nawo? Kapena inu a pakati mumaloledwa kulandira uthenga?"

Kumbuyo kwawo kunkamveka madala ena akuseka mpaka kutsokomola.

A Makaiko anadula foni, n'kutsegula tsamba lija. Pamwamba ine, duku yanga ya ku mapemphero a Lachitatu ili ngwee. Pansi panga iwo. Pansi pawo Chrispen.

"Akamwini! Ichi n'chiyani?"

"Muli pakati, bambo?"

"Ndili pakati."

"Ndakukwerani pamutu?"

"Simunandikwere, koma..."

"Ndaphatikana ndi amayi?"

"Mkazi wanga wakhala pamutu panga!"

"Za amayi simunanene."

A Makaiko anaponya foni m'thumba. Kenaka analowa m'nyumba, n'kundidutsa pachitseko osandiyang'ana, ine ndikukonza duku.

Kuyambira tsiku limenelo a Makaiko salankhula ndi Chrispen. Moni sayankha, pa lole amakhala wina kutsogolo wina kumbuyo ndi mipando. Tsambalo silinasinthe, poti kuti lisinthe mpaka iwo atsegule pakamwa amuuze, ndipo akuti afa asanatero. A sosaite akaimba amafunsa ine. Koma mahema ayenera kupita, mipando iyenera kubwera, Martha amakhala ku ntchito ku chipata cha m'malire cha Forbes tsiku lonse, pakhomo timatsala atatu. Ndiye m'mawa uliwonse, tiyi akangophikidwa, ndimamva kuchipinda:

"Make Martha! Tapitani pakhondepo mukakhale ndi mkamwini wanuyo, mumuuze za hema ya mawa. Ndipo mukhale naye pafupi, amve bwino, munthu ameneyo amasokoneza mawu."