Netiweki Yomwe Inamangiriridwa Miyala ndi Mabotolo

Ine, Olive Chimbalanga, wa zaka 39, wa m'mudzi mwa Kampanje, Mfumu Yaikulu Njolomole, boma la Ntcheu, katswiri wa makompyuta, ndikupereka umboni uwu pa polisi ya Chintheche lero Lachinayi, pa nkhani ya a Enos Mhone omwe ali m'chitokosi kuseri kwa khoma ili chilowere dzulo. A Konsitabo, lembani mmene ndikunenera, musakonze. Kukonza mawu ndi komwe kwatifikitsa pano.

Sindine msilikali. Ndinalembedwa pa kontirakiti kuti ndilumikize makompyuta a asilikali. Kampu iliyonse inagula makina ake payokha, chaka chake, kwa wogulitsa wake. A pamtunda ali ndi awo, a panyanja ali ndi awo, a ndege ali ndi awo, ndipo makinawa sapatsana ngakhale moni. Ntchito yanga ndi yoti onse akhale pa netiweki imodzi, uthenga ukachoka ku Karonga uzifika ku Mangochi osadikira galimoto. Chaka chino ndi chachiwiri ndikuyenda kampu ndi kampu kupempha akuluakulu a nyota m'mapewa kuti agwirizane pa mtundu wa pulagi. Sanagwirizanebe.

Kuno ku Chintheche timafuna kuimika mlongoti pa kaphiri ka kumtunda kwa msika, kenako kukoka chingwe kuchokera pamenepo kutsikira ku kanyumba ka makina kunyanja. Chingwecho timachitcha faiba. Ndi chakuda, kunenepa kwake ngati pensulo, ndipo mkati mwake muli galasi lopyapyala ngati tsitsi. Uthenga umayenda m'galasimo. Ukachipinda kwambiri galasilo limathyoka, ndipo chingwe chimasanduka chingwe basi. Tinabwera nacho cha makilomita awiri, chokulungidwa pa chigudumu cha matabwa.

Tinafika Lolemba, ine ndi Sajeni Wallace Gondwe amene amayendetsa galimoto ndi kuyang'anira katundu. Anthu anatilozera kwa a Enos Mhone, mkulu wa mpingo komanso wapampando wa komiti ya asodzi. Anatiuza kuti katundu wa zitukuko zonse amasungidwa kwa iwowo, ndipo sipanasowepo ngakhale msomali. Sajeni anatsitsira chigudumucho m'sitolo yawo ya kuseri kwa nyumba. A Mhone anakhoma loko ife tikuona.

Tsiku lomwelo Meja Mackson Nyirongo, mkulu wa ntchitoyi, anandiimbira foni. Mawu awo ndikuwakumbukira: "Mayi Chimbalanga, mawa mukakumane ndi anthu. Koma musakawaopseze ndi Chingerezi chanu cha ku yunivesite. Mawu aliwonse akhale m'Chichewa." Ndinawafunsa kuti nanga netiweki ndikati chiyani. Iwo anati, "Madigiri awiri muli nawo inuyo, osati ine."

Lachiwiri mmawa tinachita msonkhano pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pokocheza mabwato. Panabwera anthu ambiri, ena ochokera ku Kande ndi ku Bandawe. Ine ndimalankhula Chichewa, a Mhone amamasulira m'Chitonga kuti okalamba amve bwino. Chitonga sindichidziwa. Sajeni Gondwe amachimva, koma nthawi imeneyo anali ku galimoto kusankha nsomba ya batala, ntchito yomwe anaigwira mosamala kwambiri mpaka msonkhano unatha.

Ndinaimirira ndi madigiri anga awiri aja ndi kunena kuti: "Asilikali ali ndi maukonde ambiri akale, aliyense wake. Tabwera kudzalumikiza maukonde onse kuti akhale ukonde umodzi waukulu. Chingwe cholumikizira ndi chomwe chili kwa a Mhone."

A Mhone anamasulira. Ndinamvamo mawu akuti chilimila kangapo. Ndinaganiza kuti ndi netiweki m'Chitonga, mpaka ndinawasirira Atonga kuti ali ndi mawu awoawo pomwe ife tikuvutika. Dzulo ndi pomwe ndamva kuti chilimila ndi ukonde wophera usipa.

Kenako panabwera mafunso. Bambo wina anafunsa kuti ukondewo utalika bwanji. Ndinati kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi. Anthu anaomba m'manja. Wina anafunsa kuti uzigwira chiyani. Ndinati chilichonse chodutsamo tizichiona, chachikulu ndi chaching'ono chomwe. Anaombanso m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Mkulu wina wa chipewa anafunsa kuti nanga ukabooka. Ndinati tili ndi anthu ophunzira omwe ntchito yawo ndi kufufuza mabowo ndi kuwatseka adani asanalowerepo. Mkuluyo anagwedeza mutu nati adaniwo akuwadziwa, ndi ng'ona. Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. A Konsitabo, lembani kuti ndinaseka.

Pomaliza a Mhone anafunsa okha kuti, "Ama, nanga mbali yathu ndi yotani? Kuno chitukuko chikabwera sitiima manja m'thumba. Pa sukulu tinaumba njerwa, pa mjigo tinatuta mchenga." Ndinayankha kuti, "Mutithandize mmene mumathandizira pa zitukuko zinazo." Ndimanena zolambula njira ya ku kaphiri. Sindinatchule njirayo. Iwo anathokoza m'Chitonga nati, "Yewu, tamva."

Masana a tsiku lomwelo tinatsegula bokosi la mabawuti a mlongoti ndipo tinapezamo mabulangete. Mabawuti athu anali atapita ku kampu ina, chifukwa makompyuta a kosungira katundu salankhulana ndi a koyendetsa magalimoto, lomwe ndi vuto lomwe ndinalembedwera ntchito. Ine ndi Sajeni tinanyamuka kukawalonda ku Mzuzu. Tinagona komweko.

Tinabwerako dzulo, Lachitatu, dzuwa lili pamutu. Tinafikira kwa a Mhone. Sitolo inali yotsegula, chigudumu chili poyera, chopanda chingwe. Mayi Mhone anatilandira ndi mipando, nati, "Ali kunyanja. Ntchito yanu ija yatsala pang'ono kutha." Sajeni anaika mabawuti pansi. Tinayenda wapansi kutsikira kunyanja, mtunda wosakwana theka la kilomita.

Zomwe ndinaona ndi izi. Pa mchenga panali patayalidwa ukonde wautali, kuyambira pa mtengo wa mango uja mpaka kukapitirira pa miyala ya kumwera, komwe maso anga sanafike. Unali wolumikiza maukonde ambiri, obiriwira, oyera, abuluu, ena azigamba. Asodzi a kuno, a ku Kande ndi a ku Bandawe anali atabweretsa aliyense wake. Chingwe changa anachidula pakati. Theka linali kumtunda kwa ukondewo, atamangirirapo mabotolo apulasitiki ndi zidutswa za mapatapata kuti chiziyandama. Theka linalo linali kumunsi, atamangirirapo miyala kuti chizimira. Pa mkono uliwonse panali mfundo. Anthu anali atakhala pamzere, akuluka, akuimba nyimbo ya kutchalitchi m'mawu anayi. Palibe amene anathawa atationa. Ena anatibayibitsa.

A Mhone anabwera akupukuta manja pa thalauza, nati, "Ama, mwayenda bwino? Tinati tisakudikireni, mungapeze manyazi kwa mabwana anu. Ku Karonga sitifika ndi chingwe chimenechi, muitanitse china. Ncholimba ndithu, koma ncha makani pomanga mfundo. Tinachita kumachiwaula pamoto kuti chifewe."

Ndinakhala pansi pa mchenga. Sindinakomoke, ndipo Sajeni akanena kuti ndinakomoka akunama. Ndinangokhala. Nditakhala chomwecho ndinawafunsa a Mhone kuti magombe atatu anawasonkhanitsa bwanji tsiku limodzi. Anati anangotumiza mawu.

Sajeni anaimbira foni Meja. Foni inaduka. Anakwera pa bwato lovundikira, inadukanso. Anakwera mu mtengo wa mango, ndipo ali momwemo anamva lamulo lakuti wosunga katunduyo aperekedwe ku polisi. Anatsika, nauza a Mhone. A Mhone anapempha kuti akavale kaye jekete ndi tayi, chifukwa ku ofesi ya boma sapita ndi malaya a kunyanja. Palibe amene anawagwira. Anayenda okha kubwera kuno, Sajeni ali pambuyo, ndipo panjira amatiuza kuti mwina akuitanidwira kuthokozedwa.

Ukondewo unatengedwa kuti ukhale chizindikiro cha mlandu. Monga mukudziwa, a Konsitabo, m'chipinda chanu cha zizindikiro sunakwanemo. Ndi uwo waunjikidwa panja pa windo lanu, ndipo fungo lomwe mukulimvali ndi la netiweki ya asilikali. Maukonde a magombe atatu ali mmenemo. Kuyambira dzulo palibe bwato lomwe lalowa m'madzi, ndipo anthu omwe akhala phee pa mpanda wanuwo ndi eni ake a maukondewo.

Lero mmawa Meja Nyirongo afika. Anauzungulira mulu uja, natola mwala umodzi womangidwa pa faiba, nauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiitanira ku galimoto yawo, nati: "Mayi, nkhaniyi ndi yosavuta. Mukalembetse kuti munthuyu anaononga katundu wa asilikali mwadala. Ndi liwu limodzi lokha, mwadala. Likakhalapo, mlandu ndi wake, akayankha ku khoti. Likapanda kukhalapo, kulikulu afunsa kuti analankhula ndi anthuwo ndani, ndipo kontirakiti yanu ithera pompo."

Ndinawakumbutsa za foni ya Lolemba. Anati sakuikumbukira, mwina inaduka. Ndinawafunsa kuti munthu woononga mwadala katundu wa asilikali amakhala m'ndende nthawi yotani. Anati zimenezo ndi za oweruza, koma si za masabata. A Mhone ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo amamwa mankhwala a shuga omwe Mayi Mhone abwera nawo m'kampango.

Ndisanalowe muno ndinapempha kuti ndiwaone, ndipo munandilola. Ndinawapeza ataima pa chitseko cha chitokosi, jekete ili pathupi, tayi mutawalanda. Anandipatsa moni poyamba ndi iwo. Kenako anati, "Ama, talakwitsa pati? Kapena maso a ukondewo achepa? Tikhoza kumasula."

Ndinawafotokozera. Ndinati ukonde womwe ndimanena si wa nsomba. Ndi woti makompyuta azilankhulana, uthenga uziyenda m'chingwe, ngati mmene foni imapezera inzake. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, m'Chichewa chokhachokha, mpaka ndinajambula ndi chala pa khoma.

Anandiyang'ana, nati, "Mukunena netiweki?"

Ndinati eya.

Anati, "Ndiye bwanji simunangonena kuti netiweki? Tonse tili ndi mafoni kuno. Ndi yomwe timakwerera mu mtengo wa mango uja."

Mkaidi wina wa mkatimo, yemwe sindikumudziwa, anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinabwera kudzakhala pa benchi ino.

Tsopano lembani izi bwinobwino. Chingwe chonse chilipo, palibe ngakhale mkono umodzi womwe wasowa kapena kugulitsidwa. Chaonongeka, sichidzanyamulanso uthenga, izo ndi zoona. Anachitulutsa m'sitolo ndi a Enos Mhone, masana, anthu akuona, atauzidwa pamaso pa gulu kuti ndi cholumikizira maukonde akale ndipo athandize mmene amathandizira pa zitukuko zina. Anachita zomwe anauzidwa, ndipo anamaliza tsiku limodzi, zomwe sindinazionepo pa ntchito imeneyi.

Liwu lomwe a Meja akufuna sindilinena. Ndalankhulapo kale liwu limodzi lolakwika sabata ino, ndipo mwaona mulu womwe labala panjapo. Ndikupempha kuti a Mhone atuluke akamwe mankhwala awo kunyumba, ndi kuti asodzi aloledwe kumasula maukonde awo. Mabotolo ndi miyala a Meja atha kutenga.

Ngati kulikulu akufuna dzina la munthu amene anaimirira pansi pa mtengo wa mango ndi kunena kuti ukonde, asavutike kufufuza. Lili pa mzere woyamba wa pepalali, ndipo ndililembanso pansipa ndi dzanja langa.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Wopereka umboni: Olive Chimbalanga ....................

Wolemba: Konsitabo Christie Manda ....................