Tsiku limene apongozi anakhala pamphasa yanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a ku Tsangano kuno ndi a kwathu ku Makanga. Sindine munthu wolankhulalankhula, koma nkhani iyi ndaisunga zaka ziwiri ndipo yandilemera. Mlamu wanga anafa ndi mankhwala amene ndinasungunula ine ndi manja angawa. Ndalemba kuti mudziwe zimene Mulungu anandichitira pambuyo pake.

Kwathu ndi ku Chidzolomondo, m'boma la Makanga, koma ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Tsangano, ndipo ndinali nditakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Munda, dimba, ngakhale malo a nyumba, zonse ndi za kwawo kwa mkazi wanga Rozita. Mlongo wake wamng'ono, Fabiyano, ndiye anali mnzanga weniweni pamudzipo. Tinkalima kachewere m'madimba oyandikana ndipo tinkathandizana ntchito.

Mankhwala opopera timagula pang'onopang'ono pamsika, wogulitsa n'kutithirira m'garafa ya refresko, botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Aliyense amatero. Tsiku limenelo ndinasungunula anga m'mawa m'garafa yaikulu yapulasitiki, ndipo anayera ngati thobwa. Popeza amati dzuwa limawapha mphamvu, ndinaika garafayo mumthunzi wa mtengo wa pichesi, pomwe timaika thobwa lathu masiku onse. Kenako ndinatsikira kuchitsime kukatsuka bomba lopopera.

Pobwerera ndinapeza Fabiyano akulavula, uku akuseka.

"Alamu, mlongo wanga wayamba kukufululirani zotani? Thobwa ili ndi lothamangitsira mkamwini."

Ndinamuuza kuti wamwa mankhwala, tithamangire kuchipatala.

"Ndalavula onse," anatero. "Mukufuna anamwino akandiseke, munthu wandevu ngati ine?"

Anachukucha mkamwa n'kutola khasu. Ine ndinamuleka. Chimenechi chimandipweteka kuposa garafa ija: ndinamuleka.

Ola lisanathe anagwa pakati pa mizere, thukuta lili kamukamu, thovu likutuluka mkamwa. Tinamukweza pa motorizada, njinga yamoto, kupita kuchipatala, ine kumbuyo nditamugwira. Anamwino anayesetsa ndithu. Anamwalira mawa lake masana, kusiya mkazi ndi ana awiri.

Apolisi anandifunsa mafunso, anaona kuti inali ngozi, n'kundimasula. Kumudzi nkhani inali ina. Pamaliro mkamwini ndiye amatumidwa uku ndi uku, koma ine palibe anandituma. Nditatola nkhwangwa kuti ndikateme nkhuni, munthu wina anailanda. Manong'onong'o anali akuti ndinkasirira dimba la malemuyo chifukwa madzi saphwa. Kumpingo ndine ndinkawerenga mawu a Mulungu Lamulungu lililonse, koma masiku amenewo anandiimitsa, ndipo pemphero silinkatuluka. Ndikati "Ambuye", mawu ankathera pomwepo. Rozita ankandiikira chakudya osandiyang'ana, ndipo sindinamuone cholakwa. Womwalirayo anali mlongo wake.

Tsiku lometa, abale onse atasonkhana pabwalo, anaimirira a Zakariya, malume ake a Rozita, amene ali mwini mbumba.

"Munthuyu abwerere kwawo ku Makanga," anatero. "Ana ndi athu, atsala."

Palibe anatsutsa. Inenso mumtima ndinavomera kuti aweruza bwino. Ndinali ndekha pamphasa pafupi ndi nkhokwe, ndikuyang'ana ana anga atatu, Lusiya ndi ang'ono ake, ngati munthu amene watsanzika kale.

Mukudziwa mmene timachitira ndi apongozi. Zaka zonse zija sindinakhalepo nawo pafupi amayi ake a Rozita, sindinadyepo iwo akuona. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, ndipo moni tinkapatsana patali, aliyense atayang'ana kumbali.

Apongozi angawo, amene anali atangoika mwana wawo m'manda, anadzuka pakati pa amayi. Anadutsa bwalo lonse pang'onopang'ono, n'kudzakhala pamphasa yanga. Ndinadzidzimuka, ndinafuna kuthawa. Anandigwira mkono.

"Khalani pansi, bambo a Lusiya."

Ndinakhala, maso ali padzanja lawo.

"Achimwene," anatero kwa a Zakariya, "mwanayo ndinabala ine, ndiye mundilole ndilankhule. Pa Natale, tsiku la kubadwa kwa Ambuye, bambo awa anatiwerengera zimene mneneri ananena za Mpulumutsi asanabadwe. Ine kusukulu sindinapite, koma ndinamva. Ankati akadzabwera, bango lophwanyika kale sadzalimaliza, ndi nyali yongotsala utsi sadzaizimitsa. Anabwera, si choncho? Tamuonani munthuyu. Chatsala n'chiyani choti ife tithyole? Adzukulu anga awiri atsala opanda bambo. Sindilola kuti atatu enanso atero bambo wawo ali moyo."

A Zakariya anati, "Nanga mwambo, mwakhala pamphasa imodzi ndi mkamwini?"

"Mwambo ndiubwezera mawa. Lero ndakhala."

A Zakariya anakhala pansi, ndipo nkhani yondichotsa inathera pomwepo. Ndinalira pamaso pa anthu, koyamba chichitikire ngoziyo.

Mawu aja ndinawawerenga zaka zambiri. Ndinkawakonda chifukwa ankanditsimikizira kuti Yesu ananenedweratu kalekale, ndipo ndinkawafotokoza bwino kwa ena. Bango ndinkaliganizira kuti ndi odwala, amasiye, anthu olakwiridwa. Sindinaganizepo kuti angakhalenso munthu wolakwa. Ndinawamvetsa tsiku limenelo, akutuluka mkamwa mwa mayi amene anali ndi chifukwa chondida kuposa wina aliyense pabwalopo. Mpaka lero ndikadali wodabwa.

Apongozi sanathere pa mawu. Analamula kuti dimba la Fabiyano ndililime ine, zokolola zonse zizipita kwa mkazi wake ndi ana. Ndikulima mpaka pano. Tsiku lometa lija litapita, mawa lake tinakumana panjira ya kuchitsime, ndinapatuka monga kale, iwonso anayang'ana kumbali. Anasunga zimene ananena.

Sindikunamizani kuti zonse zinakonzeka. Mkazi wa malemuyo anatha chaka osandiyankha moni, ndipo ngakhale pano amayankha mwachidule. Rozita anayambanso kulankhula nane patapita miyezi. Kumpingo anandibwezera ntchito yowerenga, koma ndikafika pa mawu ena ndimaima, anthu n'kundidikira. Komabe ndili pamudzi, ana anga akukula ndikuwaona, ndipo pemphero linabwerera.

Alimi anzanga, mankhwala musaike pomwe mumaika chakumwa, ndipo munthu akangowalawa musamve zoti walavula. Munyamuleni, ngakhale akukana.

Ndikuthokoza Ambuye Yesu, amene anabwera monga analonjezera. Ndipo inu amene mwasweka chifukwa cha kulakwa kwanu, amene mukuona ngati chifundo ndi cha olakwiridwa okha, musathawe pamaso pake. Pirirani pomwe mulipo. Lonjezo lija silinafunse kuti bangolo analiphwanya ndani. Ine ndinadziphwanya ndekha, koma Iye sanandimalize.