Chisoso Changa ndi Mapiritsi a Rahila

Pachipata cha msika wa Nkhotakota, amayi awiri osadziwana anali pamzere woonetsa makhadi a chipani.

"Mwadzagula ndiwo za abambo akunyumba?"

"Abambo ake ati? Chiyambireni mankhwala oletsa magazi kuundana, amadyera kwa mkazi mnzanga, Rahila. Akuti adokotala anati asamasinthesinthe kadyedwe ka masamba."

"Inu simungawaphikire chimodzimodzi?"

"Ndinayesa. Atakayezetsa magazi, anawaonjezera theka la piritsi. Rahila kulengeza mudzi wonse kuti ndi chisoso changa!"

"Pepani. Koma kugona amabwerabe?"

"Mapiritsi amamwa madzulo, ndipo botolo amasunga ndi Rahila yemweyo. Kwanga amagona akakhala kuti mawa akukayezetsa, poti ndili pafupi ndi siteji ya basi."

"Bola tsiku limenelo mumawaphikira."

"Kuwaphikira? Amabwera ndi chakudya cha kwa Rahila m'mbale yovindikira. Ine yanga ndi yotsuka mbaleyo."