Mlongo Wathu Womvetsera Mbalame

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1969, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndikulankhulane ndine mlongo wawo, amene ndinawaponda pamutu.

Anayamba sukulu mu 1976. Anali a mutu wakuthwa, moti mu 1993 anamaliza maphunziro a zachilengedwe kusukulu yaukachenjede. Mu 1996 anakwatiwa ndi bambo akhala apawa, amakanika a galimoto, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu.

Mu 1998 analembedwa ntchito kuofesi yofufuza za nkhalango. Ntchito yawo inali yomvetsera mbalame: iti imayamba kulira, nthawi yanji, nyengo iti. Ankadzuka tambala asanalire kukamangirira timakina tojambula mawu m'mitengo, n'kubwerera nsalu itanyowa ndi mame. Achibalefe tinkawaseka kuti boma likulipira munthu womvera miseche ya apumbwa. Iwo ankangoti, "Sekani, koma pumbwa sanandinamizepo."

Anatiphunzitsa kuti nkhalango imasokosera kwambiri m'bandakucha, dzuwa likakwera imakhala zii, kenaka madzulo imayambiranso pang'ono. Mvula ikayandikira, mbalame zimalawirira ndi kulira mokangalika chifukwa zili pa chibwenzi. M'nyengo yozizira zimachita ulesi ngati ife tomwe.

Mu 2014 kunabwera ocheka matabwa ndi makina awo aphokoso. Malemu anaona kuti mbalame zayamba kulira kusanayere n'komwe, kuthawa phokosolo, ndipo zina zinasiyiratu. Anakauza akuluakulu a kuntchito. Yankho linali lakuti, "Tamva, mayi, tikhalirana pansi." Anapitanso, napitanso, mpaka mlonda wa pageti anayamba kuwamvera chisoni. Timakina tawo tinabedwa, sanawagulire tina. Atakadandaula pamsonkhano, akuluakuluwo anawasamutsira kuchipinda chosungira mafayilo, chopanda ndi zenera lomwe. Pepani anamfedwa, pamaliro sitikalipa, koma nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonse pano yachokera kuofesi yomweyo.

Mu 2021 khutu lakumanzere linayamba kuwavuta. Kuchipatala anati ndi mafinya chabe, nawapatsa mankhwala odontheza. Tinabwererako kambirimbiri, uku akutiuza kuti makina ounikira m'mutu awonongeka, tibwere mwezi wamawa. Pamene ankawapeza ndi chotupa m'mutu mu 2023, madzi anali atafika kale m'khosi. Makutu onse anatsekeka. M'mawa ankakhala pakhonde n'kumayang'ana milomo ya mbalame pa waya wamagetsi, nafunsa mwana wawo wamkazi kuti, "Ikulira imeneyo, kapena ikungoyasamula?" Mwanayo ankathawira kukhitchini kukalira.

Anatisiya Lachiwiri pa 4 Febuluwale 2025, kunyumba, ali m'manja mwa amuna awo.

Asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri, mayi athu okalamba ndi ife abale awo anayi. Tikuthokoza anamwino amene ankabwera kudzawasambitsa ngakhale ataweruka kale, anzawo awiri a kuntchito amene sanawataye, a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi amayi a pamoto.

Inu muli kumbuyoko, mutikhululukire ngati simunamve zonse. Malemu anatiletsa chimkuzamawu pamaliro awo. Anati kumanda kudakali mitengo, ndipo eni ake a mitengoyo asokonezedwa mokwanira.

Pitani bwino, achemwali. Mzimu wanu uuse mumtendere.