Ndinaphika Mayankho a Anthu Anjala

Abale ndi alongo, ambiri mumandidziwa. Kwathu ndi ku Kaomba, ndipo fodya wa abambo anga ndi amene anandifikitsa kuyunivesite. Ndinapita ndikudziwa kupemphera. Ndinabwerako ndikudziwa mowa ndi makani.

Ndinkati Mulungu ndi wa anthu amene sanawerenge mabuku. Patchuthi abambo akamapempherera fodya wawo m'chigafa, ine ndinkaima pakhomo manja ali m'thumba. Ndinkaona ngati m'mudzi monse wamaso ndine ndekha.

Chaka chomaliza anatituma kukachita kafukufuku. Wanga unali wa matenanti a m'maesiteti a fodya ku Simlemba: kodi phoso limene amalandira limawafikitsa pokolola? Anandipatsa mulu wa mapepala a mafunso kuti ndikayende nawo khomo ndi khomo.

Ku Simlemba sindinapondeko. Ndinatsikira pa Boma pano, n'kukhala pamalo ena omwera mowa masiku anayi. Mayina ndinapeka. Mayankho ndinapeka. Ndinkasintha bolopeni, mapepala ena n'kuwapaka fumbi kuti azioneka ngati ayenda m'midzi. Kukoleji zimenezi timati kuphika. Ndinaphika kuti phoso ndi lokwanira, poti yankho limenelo silinkafuna kufotokoza zambiri. Ndinakhoza bwino zedi, amayi mpaka kululutira.

Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinapeza ntchito kubungwe lina pa Boma pompano. Chaka chimene mvula inadula msanga, tinakhala pamsonkhano wosankha madera oti alandire chimanga. Abwana anatulutsa kafukufuku wanga. "Za maesiteti a ku Simlemba tisavutike nazo," anatero. "Mnyamata wathuyu anafufuza kale. Anthu aja akudya." Onse anaomba m'manja. Ine ndinamwetulira, dera lija n'kulichotsa pamndandanda.

Mu Febuluwale ndinapita kuchipatala kukazonda mnzanga. Pakhonde panali mayi wina atafukata mwana wotupa mapazi, tsitsi litafiira. Ndinawafunsa kwawo. Anati ndi tenanti ku Simlemba, ndipo phoso linatha Khirisimasi isanafike.

"Kodi sikunabwere anthu odzakufunsani za chakudya?" ndinatero.

"Ife atifunse ndani, achimwene? Akuti m'mabuku mwawo tinalembedwa kuti tikudya. Amene analembayo Mulungu amukhululukire, kapena sanadziwe."

Ndinkadziwa. Abale, ine ndinkadziwa bwinobwino. Mayi amene ndinamulanda chakudya m'kamwa anali kundipempherera ndili chiimire pamaso pake. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Kuseri kwa maofesi athu kuli mtengo umene anthu amapempherapo masana. Ine ndinkawatcha gulu la osowa ndalama ya lanchi. Tsiku limenelo miyendo inanditengera komweko. Ndinagwada pafumbi ndi tayi yanga, ndinalira ngati wafedwa. Mesenjala wathu a Banda, bambo wachikulire amene ndinkamutuma osamuyang'ana n'kumaso komwe, ndi amene anandigwira paphewa n'kundipereka kwa Yesu. Ndinadzuka ndili wopepuka. Mowa ndinausiyira pomwepo.

M'mawa mwake ndinalowa kwa abwana n'kuulula zonse. Anatseka chitseko.

"Iwe, za kutchalitchi uzisiye kutchalitchi. Muno ndi muofesi. Ukufuna tonse tioneke zitsiru?"

Anzanga akukoleji anandiimbira foni akuseka. Amati aliyense amaphika, ndipo ndapenga ndi mapemphero. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale mkulu wina wa mpingo ananditengera pambali. "Mwalapa kwa Mulungu, basi zatha. Digiri siilowa m'nkhani ya chipulumutso."

Ndikukana. Ndinakana tsiku lomwelo, ndipo lero ndikukananso pamaso panu. Yesu amene anandipulumutsa sakhala pageti kundidikira kuti ndiweruke. Amalowa nane muofesi, amawerenga chilichonse chimene ndasainira. Chikhristu cha Lamulungu lokha, choimba kwaya uku ana a anthu akutupa ndi bodza langa, chimenecho ayi, chitengeni eni ake.

Ndinalemba makalata awiri, ina kubungwe, ina kuyunivesite. Dera lija analibwezera pamndandanda, koma chimanga chinafika mochedwa. Mwana uja sindinamuonenso. Sindikudziwa ngati ali moyo, ndipo sindinganame kuti zimenezi sizindipweteka.

Kuntchito anandiimitsa. Kuyunivesite andiitana Lachiwiri likubwerali, ndipo akhoza kundilanda digiri. Abambo atamva anangoti, "Pita ukanene zoona."

Ndikuyamika Ambuye. Anandipeza ndili wonama wophunzira bwino, koma sananyansidwe nane. Alemekezeke!

Tsono inu a masuti okhala kutsogoloku, aphunzitsi, anamwino, a m'maofesi, musandiyang'ane ngati ndine ndekha. Mukudziwa zimene munasainira. Yesu akukuitanani lero, ndipo akufuna mubwere ndi mafayilo anu omwe.

Ndipo mukamandipempherera sabata ino, musapemphe kuti andimvere chisoni. Pemphani kuti akakandifunsa kachiwiri, ndisakasinthe mawu.