Madamu Sizasi ndi Dzanja Limene Ahedi Anataya

Ndinawachenjeza malemuwa kuti wamkulu wa pantchito salimbana naye, ndipo makwerero sakwera popanda wogwirira. Anandiseka, amvekere agogo inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe. Lero ndi awa agona apawa. Anamfedwa ndi nonse mwabwera, mawu akuwerengedwawa ndi anga, ine agogo awo.

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1991, oyamba m'banja la ana atatu. Mayi awo atatisiya mu 1996, ndinawalera ndine. Ndinkawaletsa moto, msewu, zitsime ndi sizasi. Zinazo anamva, koma sizasi ayi. Makatani anga onse anatha nkudulidwa timaluwa.

Sukulu anayamba mu 1997, ndipo mu 2013 anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Mu 2015 anakwatiwa ndi bambo amakanika mukuwaona akhala chete apowo, munthu wosadziwa kukalipa. Anaphunzitsa kalasi yoyamba mpaka imfa yawo. Anawo ankawatchula Madamu Sizasi.

Chaka chilichonse, likamayandikira tsiku lokumbukira mtsogoleri wina amene anamenyera zoti munthu asanyozedwe chifukwa cha khungu kapena maonekedwe, nyumba yawo inkasanduka dzala la mapepala. Ana ankaviika manja mu penti nkudinda papepala, ena ofiira, ena akuda, ena achikasu. Malemu ankadula dzanja lililonse, kulembapo dzina la mwini wake, nkuwalumikiza onse pachingwe chimodzi chokapachika mu holo ya pasukulu. Ine ndinkawagwirira guluu, uku ndikudandaula kuti pentiyo tsiku lina ana adzanyambita.

Chaka chino m'kalasi mwawo munabwera kamtsikana kamene kanapsa ndi moto kali kakhanda, dzanja lamanja nkutsala ndi zala ziwiri. Kankalibisa m'juzi ngakhale kutenthe bwanji. Malemu anakanyengerera mpaka kanadinda dzanja lomwelo, kakuseka. Ahedi ataliona anati alendo akubwera adzajambula zithunzi, chinthu chotere chidzaipitsa. Analithothola pachingwe, kanako kakuona, nkuliponya m'bini. Kenako analamula alonda kuti apachike chingwecho pafupi ndi denga, ndi kuti aliyense wothandiza kuchikhudzanso, ntchito yamuthera.

Malemu anandiuza zimenezi ataweruka, dzanja lapepalalo atalitola m'binimo, akuliwongola ndi chikhatho patebulo. Ndinagwada, ine nkhalamba, kuti mwana wanga zisiyeni, anthu awa sagonja. M'mawa mwake anapita nalo. Makwerero a pasukulupo ali ndi popondera pena pomanga ndi waya, aliyense amadziwa. Alonda anaima poteropo, manja kumbuyo, kuopa ntchito. Ahedi anaima pakhomo la holo, kungoyang'ana. Malemu anamangirira dzanjalo pakati penipeni pa anzake. Potsika, waya uja anaduka, ndipo anamenyetsa mutu pasimenti. Kuchipatala sanatsegulenso maso, mpaka anatisiya pa 3 mwezi uno.

Mwambo wokumbukira mtsogoleri uja unachitika ndithu. Ndamva kuti ahedi analankhula mokoma za ufulu wa munthu aliyense, ataima pansi pa chingwe chomwecho, alendo nkuwomba m'manja. Ndamvanso kuti akumauza anthu kuti malemu anali osasamala.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, mlongo wawo, mng'ono wawo, ndi ine amene ndimayenera kutsogola. Tikuthokoza anamwino, aneba, aphunzitsi anzawo amene anawanyamula, ndi ana amene apanga nkhata ya maluwa a mapepala iyi. Alonda, inu musalire choncho, takukhululukirani. Muli ndi ana ofuna kudya.

Ahedi, ndakuonani mwakhala mpando wakutsogolo, ndipo mwapempha kuti nkhatayi muike ndinu m'dzina la sukulu. Musaikhudze. Woiika ndi kamtsikana kaja, ndi dzanja lomwe lija, inu mukuona. Kukumenyani sindingathe, mphamvu ndilibe. Koma ndikukuchenjezani, ndipo mwaona chimene chimagwera wosandimvera. Mwana aliyense akakweza dzanja pamaso panu, muziwerenga zala. Mukamasamba, muziwerenga zanu. Mudzakalambe ngati ine, mudzaterereke anthu akuona, ndipo wokugwirani asadzapezeke.

Mzimu wa malemu uuse mumtendere. Inu ahedi, mtenderewo musauone.