Diva wa Kwathu ku Zahle

Bambo wansembe, abale ndi anansi: malemu Mayi Afifa Ghantous, omwe agona apawa, anabadwa pa 9 Malichi 1946 kuno ku Zahle. Anabadwa awiri, mng'ono wawo ndi mayi anga, a Wadad, akhala pakonawo. Sukulu anaphunzira kwa asisitere, koma anaisiyira panjira chifukwa m'kwaya anawaimika mzere wakumbuyo.

Awiriwa ankaimba limodzi m'malo odyera a m'mbali mwa mtsinje wa Berdawni. Mu 1968 anapita ku Beirut, ndipo nyuzipepala ina inatcha malemu kuti diva. Ophunzira amati dzinali n'la woimba wamkazi woposa onse. Ife akubanja tinalidziwa mwina: diva ndi munthu amene anthu onse amamudikirira, iye osapepesa. Sabata yomweyo anauza mng'ono wawo kuti, "Iwe Wadad, kamawu kakoko kasunge. Uzingondisitira madiresi." Mayi anga anasita madiresi kuyambira pamenepo, osaimbanso ngakhale potsuka mbale.

Malemu anakwatiwa mu 1971, mu 1979 ndi mu 1990. Amuna onse atatu ankayenda kumbuyo kwawo atawanyamulira chikhoto. Wabwera ndi mmodzi yekha, ndipo tikuwayamika bambowo chifukwa cha kulimba mtima.

Kuimba kokha ankaimba, tisanamizane. Anthu ankalira, n'kumakuwa kuti abwereze. Koma mu 1994 agogo anga, mayi awo owabereka, atamwalira, azimayi anazinga bokosi kudikira kuti mwana wamkazi ayambitse nyimbo ya maliro monga mwa mwambo wathu. Malemu anangoti, "Ine kuimba pakhonde? Popanda oimba zing'wenyeng'wenye?" Mayi anga atatsegula pakamwa kuti ayambitse, malemu anawagwira mkono: "Khala pansi, ungandichititse manyazi." Agogo anapita kumanda mwakachetechete ngati alibe ana. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Anayamba kudwala mtima mu 2021, ndipo owasambitsa anali a Wadad omwewo. Anatisiya pa 12 Novembala 2024. Lamulo lawo lomaliza linali lakuti pamaliro awo pasaimbe munthu, pamveke chimbale chawo chokha. Ife tinavomera. Koma monga mukuonera magetsi azima, ndipo mwini jenereta wa m'dera lino watiyankha kuti iye za madiva sazidziwa.

Malemu asiya mng'ono wawo, ine Tanios mwana wa mng'ono wawoyo, ndi madiresi odzaza chipinda. Ana analibe, ankati amawononga mawu. Tikuthokoza anamwino amene anapirira zitonzo, azimayi otiphikira khofi wowawayu, ndi inu nonse amene mwafika pa nthawi yake, chinthu chimene malemu sanachiteko.

Amayi, imirirani. Palibenso wokugwirani mkono. Yambani ndi nyimbo ya maliro a agogo ija, musafulumire, mubwereze mmene mungafunire. Mzimu wa malemu uuse mumtendere nyimboyo ikatha. Lero lokha nawonso adikireko.